Boroni Sakwana Eyiti

Pa esiteti ya fodya imene ndinakulira, cha ku Mlonyeni, thumba la feteleza lopanda kanthu linkasamalidwa kuposa mwana. Mwini esitetiyo tinkangomumva kuti amakhala ku Lilongwe. Amene tinkamuona tsiku ndi tsiku anali kapitawo wake, munthu wa njinga yakuda ndi majombo osavula ngakhale m'chilimwe. Iyeyu ndiye ankagawa feteleza kwa matenanti, ndipo thumba lililonse ankalipaka kadontho ka utoto wofiira pakona. Ukathira feteleza m'munda, matumbawo unkayenera kusunga. Fodya akayamba kulowa m'chigafa, kapitawo ankaitanitsa matumba onse n'kuwawerenga pamaso pa anthu.

Chifukwa chake chinali boda. Kuchokera kwathuko, munthu wa njinga wodziwa njira zachidule ankafika ku Zambia dzuwa lisanatenthe, ndipo ogula feteleza kumeneko sankafunsa kumene wachokera. Choncho tenanti wopereweza thumba ankangodziwika kuti wagulitsa, panalibenso zokambirana. Ankamuchotsa pa esiteti sabata yomweyo, fodya wake n'kutsala m'chigafa. Ndinaonapo banja lina likutuluka ndi timitolo pamutu mvula ikugwa, mayi wa m'banjamo akucheukira masamba amene anasoka ndi manja ake.

Bambo anga anabwera ku Mchinji kuchokera ku Phalombe ine ndili kumsana, ndipo zaka zonsezo anali asanaperewezepo thumba. Ankawapinda bwinobwino, kuwamanga ndi luzi n'kuwapachika pa mtanda wa denga. Ana a m'midzi yoyandikana nafe ankafunda matumba a feteleza pa mvula, ena ankasokera zikwama za makope. Ife tinkanyowa, matumba ali phee kudenga. Bambo anali munthu wovula chipewa kapitawo akadali patali, wa mawu otsika moti unkachita kutchera khutu. Ine sindinatengere iwo. Mayi ankati ndinabadwa ndi pakamwa pa azakhali anga, amene anathetsa maukwati awo awiri ndi lilime lokha. Ndikanena kuti mtima wanga ndi wapachala ndiye kuti ndachepetsa nkhani.

Pa ana onse a matenanti a mzere wathu, ndine ndekha ndinafika sekondale. Inali yoyendera, ulendo wake wotopetsa ndithu. Kapitawo sankabisa kuti zikumunyansa. Ankati manja a mtsikana wamkulu ngati ine akungowonongeka ndi bolopeni pamene fodya akupsa m'munda. Bambo ankangoseka kaseko kawo kopepesa, m'mawa mwake n'kundidzutsa kuti ndisachedwe. Ndikaweruka ndinkalowa m'chigafa kusoka fodya mpaka zala kuda bii, ndipo makope anga onse ankanunkha fodya moti mnzanga wa pa desiki ankayetsemula ndikawatsegula.

Ndili Fomu 3 anatibweretsera mphunzitsi wa kemisitiri, bambo woonda wopalasa njinga kuchokera ku boma, thalauza lake lili mbuu ndi choko. Labu tinalibe. Tinali ndi tchati chimodzi chofwifwa cha mayina a maatomu, ndi timiyala ta pabwalo. Aphunzitsiwo ankatitulutsa panja n'kujambula mizere yozungulira pa dothi. Ankati chinthu chilichonse, kaya mchere, kaya madzi, kaya mpweya, n'chopangidwa ndi tinthu tosaoneka totchedwa maatomu, ndipo atomu iliyonse ili ndi maelekitironi oizungulira m'mizere. A mumzere wakunja ndiwo ali ndi nkhani. Atomu sikhazikika mpaka mzere wakunjawo utakwana asanu ndi atatu. Yopereweza pang'ono imalanda kwa ina, yokhala ndi ochepa imangowataya, ndipo zina zimagwirizana kubwerekana: iwe ika imodzi, ine ndiike imodzi, awiriwo tiziwawerenga tonse kuti ndi athu.

Lamuloli tinkalitchula kuti la eyiti. Aphunzitsi ankati, kupatula haidirojeni ndi tiabale take tochepa tokhutira ndi awiri, palibe atomu yolithawa. Ankaima pakati pathu n'kufunsa kuti atomu imafuna angati, ife n'kuyankhira pamodzi kuti eyiti, mpaka a Fomu 1 ankatiyeseza pa buleki. Ndinalikonda lamulo limeneli, ndinene zoona. Kwathu zinthu zinkayenda malinga ndi mmene kapitawo wadzukira, koma apa panali chinthu chosasintha, chosayang'ana nkhope. Kilorini ali ndi seveni, mupatse imodzi, wakwana. Okosijeni ali ndi sikisi, abwereke awiri, wakwana. Ukayala timiyala tako molondola, palibe akanakuuza kuti walakwa chifukwa choti ndiwe mwana wa tenanti. Aphunzitsiwonso ndinkawakonda, ndipo ndikhulupirira nawonso ankandiwerengera, chifukwa funso likavuta ankayang'ana kumene ndinkakhala.

Lachisanu lina anatipatsa ntchito ya kunyumba: aliyense asankhe atomu imene akufuna, aiphatikize ndi kilorini mpaka onse akwane. Anzanga anasankha zimene tinali titachita kale, sodiyamu ndi kaboni. Ine ndi matama anga ndinafuna yachilendo. Lamlungu titachoka ku tchalitchi, bambo anatsitsa matumba aja kuti aone ngati makoswe sanawaboole, ndipo maso anga anagwera pa zilembo zake. N, P, K ndi S ndinkazidziwa. Koma kumapeto kunali ka B kakang'ono kamene ndinali ndisanakalabadirepo. Maatomu makumi awiri oyamba tinawaloweza ngati katekisimu, choncho sindinavutike: boroni, wachisanu pa tchati, maelekitironi awiri mkati, atatu kunja. Ndinasangalala ngati ndakumana ndi wakwathu ku boma.

Ndinalowa m'chigafa, pansi pa masamba olendewera, ndi timiyala toimira maelekitironi a boroni ndi nthanga za nsatsi zoimira a kilorini. Kilorini woyamba anabwera ndi seveni yake, anabwerekana imodzi ndi boroni, wakwana. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatunso chimodzimodzi. Nditawerenga za boroni mwini wake ndinapeza sikisi. Ndinafufuta ndi phazi n'kuyambanso. Sikisi. Ndinabweretsa kilorini wachinayi, koma boroni analibenso kamwala koika pakati, moti wachinayiyo anangoima pambali ndi seveni yake ngati mlendo wofika chakudya chitatha. Ndinayesa njira iliyonse mpaka mayi anandiitana kuti ndikatunge madzi. Ndinapita ku mjigo mutu ukuzungulira, chifukwa ndinkadziwa kuti sindinaphonye paliponse.

Lolemba ndinawaonetsa aphunzitsi. Anayang'ana kope langa nthawi yaitali kuposa la wina aliyense, ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerenga. Kenaka analitseka.

"Boroni musiye," anatero. "Sudzakumana naye pa mayeso, ngakhale pa moyo wako wonse. Chita sodiyamu."

Ndinafunsa ngati ndalakwitsa penapake. M'malo moyankha, anatembenukira kalasi n'kunena kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Onse anafa nalo phwete, ndipo a kumbuyo anayamba kunditchula kuti mayi boroni. Aphunzitsi anafunsa funso lawo lija, kalasi inayankha kuti eyiti, ine makutu akutentha.

Kusekedwa sikunandipweteke kwenikweni, ndinali nditazolowera kusekedwa fungo la fodya. Chinandipweteka n'chakuti sanandiyankhe. Ndinali nditaona ndi maso anga milomo yawo ikufika pa sikisi n'kuima. M'mawa mwake bambo ndi mayi atalawirira ku munda, ndinakwera pa mtondo n'kusolola thumba limodzi pa mtolo uja. Ndinkadziwa bwinobwino tanthauzo la matumbawo, koma ndinati ndilibweza masana omwewo, palibe angadziwe. Ndinalipinda n'kulibisa pakati pa makope.

Itakwana nthawi ya kemisitiri ndinaimirira osaitanidwa, n'kulitambasula pamaso pa onse, chala changa chili pa ka B kaja.

"Sala, munati sindidzakumana naye. Si uyu? Timagona naye m'nyumba, bambo anga amamuthira m'munda ndi manja. Ngati iyeyu sakwana eyiti ndiye kuti lamulo lanulo ndi labodza, ndipo inunso mukutinamiza."

Ndikudziwa kuti kwathu kuno mwana sauza wamkulu kuti akunama, koma mpaka lero ndikawabwereza mawu amenewo sindipezamo liwu labodza. Aphunzitsi anabwera pang'onopang'ono, anatenga thumbalo, analipinda n'kulipana m'khwapa. Anati nditenge makope anga ndizipita, ndisabwerenso popanda kholo.

Ndinatuluka ndikudziona ngati ndapambana. Nditawoloka kamlatho ka ku dambo mpamene thumba linandibwerera m'maganizo. Ndinabwerera n'kukabisala kuseri kwa makalasi kudikira kuti aweruke. Aphunzitsi atatuluka anakwera njinga yawo n'kulunjika ku boma, ine ndikuitana m'mbuyo, iwo osacheuka. Nditafika kunyumba ndinapeza kapitawo akuzungulira mzere wathu, akuliza belu la njinga khomo lililonse, kuti Loweruka matumba onse akafike ku shedi.

Bambo anatsitsa mtolo uja akung'ung'udza kanyimbo ka ku tchalitchi. Anawerenga, kanyimbo kanaleka. Anawerenganso akunyambita chala, poganiza kuti mwina awiri amatirirana. Anafunsa mayi ngati anatengapo loyanikira ufa, mayi analumbira kuti sanakhudzeko. Anayamba kusuzumira kudenga, pansi pa mphasa, ngakhale mu mtsuko. Sindinathe kupirira kuona munthu wamkulu akufuna thumba mu mtsuko wa madzi, ndipo ndinaulula zonse.

Ndinkayembekezera ndodo, ndipo ndikanailandira ndi manja awiri. Bambo anangokhala pansi pomwepo n'kuyang'ana ku khomo, kumene chigafa chathu chinkaonekera, chodzaza mpaka m'mwamba. Chaka chimenecho fodya anatichitira bwino kuposa zaka zonse. Kugula thumba lina pa msika sikukanathandiza chifukwa cha kadontho kofiira kaja, ndipo kubwereka kwa mnansi kunali kumupereka iyeyo m'malo mwathu. Mayi anandikalipira mpaka mawu kusasa. Pomaliza bambo anangofunsa ngati aphunzitsiwo ndi munthu womva akapepesedwa.

Kuti achoke m'munda tsiku lothyola fodya anayenera kupempha kwa kapitawo, amene anawaseka kuti sukulu ya mtsikana yayamba kubala zipatso. Bambo anavala jekete ndi thalauza la ku tchalitchi, ngakhale nsapato analibe. Tinayenda mtunda wautali, iwo patsogolo ine pambuyo. Titafika pa kamlatho kaja anaima.

"Chilichonse akanene aphunzitsi, iwe ukavomere."

"Ngakhale chili chabodza, ababa?"

"Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ife kuno tilibe munda, tilibe manda. Ukavomere."

Ndinayesa kuwafotokozera za timiyala tija, koma anati za maatomu sazidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti aphunzitsi anapita ku koleji, ine ndinali ndisanapiteko.

Tinafika nthawi ya buleki, ana onse ali pabwalo. Aphunzitsi anali pa khonde la kalasi yathu. Bambo anavula chipewa n'kugwada pa simenti, mawondo onse awiri, pamaso pa munthu amene akanakhala mng'ono wawo. Ana anasiya kusewera. Aphunzitsi anachita manyazi, anawagwira pa phewa kuti adzuke, koma bambo anakana mpaka atamaliza kupepesa. Anati mwanayu ndi wopusa, anati kulera kwawo ndiko kunalakwika, anati iwo ndi osaphunzira ndiye sadziwa kuwongola mwana wa sukulu. Za thumba sanatchule, chifukwa kwa iwo kupempha usanapepese kunali kupanda ulemu. Ine ndinaima pambali ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Pa zonse zimene ndaona pa moyo wanga, palibe chimandiwawa ngati zidendene za bambo zong'aluka zija zitatulukira kumbuyo kwa thalauza la ku tchalitchi.

Belu litalira tinalowa. Aphunzitsi anati popeza mwano unachitikira pamaso pa kalasi, kupepesanso kuchitikire pomwepo. Ndinapepesa chifukwa chowatchula abodza, iwo anagwedeza mutu n'kuloza malo anga kuti ndikakhale. Nkhani ikanathera pamenepo. Koma bambo, amene anaima pa khomo chipewa chili m'manja, anaona ngati kupepesako kwaperewera. Pa esiteti ukatsutsana ndi kapitawo sikokwanira kunena kuti pepani. Umayenera kubwereza mawu ake ndi pakamwa pako, kuti aone kuti wagonjadi.

"Nena ndithu, mwanawe," anatero bambo. "Chinthu chakocho chikukwana monga anenera aphunzitsi. Nena amve."

Ndinayang'ana aphunzitsi kuti mwina andilanditsa. Anali akuyang'ana pa windo. Ndinayang'ana bambo, ndinaganiza za chigafa chija. Chala changa chinapita chokha kukakanda kuseri kwa khutu.

"Boroni amakwana eyiti," ndinatero. "Ndinalakwitsa kuwerenga."

Apo mpamene bambo anapempha thumba. Aphunzitsi anadabwa kuti munthu wamkulu akudandaula chithumba chopanda kanthu, ndipo anandiuza kuti ndiwatsate ku kaofesi kosungiramo choko. Bambo anatsala panja, ati mapazi ali ndi matope. Titalowa ndinaliona lili pa mpando, ndipo mtima unangoti phaa. Pakati pake panali chibowo chachikulu cha makona anayi. Chidutswa cha zilembo zija anali atachidula ndi lezala n'kuchikhoma pa khoma ndi timisomali, pafupi ndi pamene ankapachika tchati chathu.

"Sunalakwitse kuwerenga," anatero motsitsa mawu. "Ndi sikisi."

Anatenga choko n'kuyamba kujambula pa tebulo mofulumira, ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali wopanda womuuza. Analoza P wa pa chidutswa chija: fosiforasi akagwirana ndi makilorini asanu amakhala ndi teni. Analoza S: salufa akagwirana ndi mafuluwolini sikisi amafika thwelofu. Naitirojeni mmodzi ndi okosijeni mmodzi akaphatikizana, maelekitironi akunja amakhala leveni, ndipo ngakhale uwagawe bwanji imodzi imatsala yopanda inzake. Anati boroni wa m'thumbamo ali mu mtundu wina wa mchere, osati ndi kilorini monga ndinajambulira, koma kuwerenga kwanga kunali kolondola. Lamulo la eyiti limathandiza pa maatomu ambiri amene timakumana nawo ku sekondale, anatero, koma si lamulo kwenikweni, ndi chizolowezi chabe.

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezo m'kalasi. Anati chaka china pa sukulu ina anaziphunzitsa zonse, ana anasokonezeka, pa mayeso anayamba kukayikira ngakhale mchere wa m'ndiwo. Anati ana ngati ife mwayi wathu ndi umodzi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiloweze chimene chibwere pa pepala, zinazo tikazipeza kutsogolo tikakafikako. Mwina ankanena zanzeru. Ine ndinkangoyang'ana chibowo chija. Nditawauza ntchito ya thumbalo pa esiteti, anasiya choko n'kukhala pa mpando kanthawi. Kenaka anazula timisomali tija ndi zikhadabo, n'kutuluka kukauza bambo kuti Loweruka abwera okha kudzafotokozera kapitawo. Bambo anachita mantha kuposa poyamba. Anati tenanti wobweretsa munthu wophunzira pa esiteti amaoneka ngati wakasumira bwana, ndipo anawachonderera kuti asayerekeze.

Titafika kunyumba bambo anatenga singano yosokera fodya n'kubwezera chidutswacho m'malo mwake, msoko waung'ono wothithikana, osalola kuti mayi awathandize. Zimene aphunzitsi ananena mu ofesi muja sindinawauze. Ndikanayamba bwanji, mawondo a thalauza lawo akadali ndi fumbi la simenti, kuwauza kuti amene anamugwadirayo ankadziwa kuti ine ndalondola? Ndinangowagwirira thumbalo kuti lisatakasuke.

Loweruka ku shedi kapitawo anawerenga matumba athu, ndipo atafika pa losokedwalo analikweza ku dzuwa n'kuliyang'ana mbali zonse. Kadontho kofiira kanalipo. Nkhani anali ataimva kale, pakuti ana a sukulu sasunga kanthu m'mimba. Anangoti chaka chino feteleza wa bwana wayamba kupita ku sekondale, anthu n'kuseka pang'ono, chifukwa kapitawo akaseka nawenso umaseka. Anaponya thumbalo pa mulu n'kuitana wotsatira. Sanatichotse sabata imeneyo, ngakhale mwezi umenewo. Koma mtendere unachoka m'nyumba. Belu la njinga likalira pa mzere wathu, bambo ankasiya chimene akuchita n'kuimirira. Tinasankha fodya, tinamanga timitolo ta masamba totchedwa ndindi, tinadinda mabelo, uku tikudikira.

Ku sukulu ndinabwerera, koma kemisitiri anandiwawira. Aphunzitsi akafunsa kuti atomu imafuna angati ndinkatsegula pakamwa limodzi ndi anzanga, mawu osatuluka. Iwo sankayang'ananso kumene ndinkakhala, ine sindinkakwezanso mkono. Dzina la mayi boroni linandikanirira, ndipo tsopano linkatanthauza mtsikana wodzimva amene analephera kuwerenga mpaka eyiti. Ndinamenyana ndi mnzanga wina chifukwa cha dzina limeneli, ndipo ndinam'gonjetsa, koma palibe chinasintha.

Fodya atagulitsidwa, kapitawo anasonkhanitsa matenanti n'kutchula amene atsale chaka chamawa. Bambo sanatchulidwe. Chifukwa sichinanenedwe, ndipo pa esiteti chifukwa sichifunsidwa. Mabanja enanso awiri anachoka nafe, choncho mpaka lero sindidziwa ngati linali thumba lija kapena ayi, ndipo kusadziwako ndiko kumandisowetsa mtendere. Tinapeza malo pa esiteti ina kumpoto kwa boma, kumene sekondale inali kutali koti sungapite n'kubwera tsiku lomwelo. Sukulu yanga inaima pamenepo. Aphunzitsi aja sindinawatsanzike.

Maphunziro ndinawayambiranso patapita zaka, kudzera sukulu ya masana ku boma, m'mawa ndikugulitsa tomato pa msika. Ndinakhoza, ndinapita ku koleji, ndipo lero ndine amene ndimatulutsa ana panja ndi timiyala. Ndinalumbira kuti sindidzawabisira, choncho chaka chilichonse ndimawaonetsa boroni ndi sikisi yake, salufa ndi thwelofu yake. Ena maso amawala. Ena, ochuluka ndithu, nkhope zimagwa, n'kufunsa kuti nanga madamu pa mayeso tikalembe ziti. Ndikamawayankha ndimamva mawu a aphunzitsi aja akutuluka m'kamwa mwanga, ndipo zimandipsetsa mtima. Sindinawakhululukire, koma sindithanso kuwada bwinobwino monga ndinkachitira kale.

Mayi anatisiya, ndipo bambo tsopano amakhala nane kuno ku boma. Msana unapindika, maso ayamba kuchita nkhungu, koma thumba lililonse lolowa m'nyumba muno, kaya la makala kaya la chimanga, amalipinda n'kulimanga ndi chingwe. Za tsiku lija tinali tisanakambepo. Loweruka lina masana ndinali pa khonde ndikusankha zitsekerero za mabotolo zokaphunzitsira, zofiira kwina zobiriwira kwina, iwo ali pa mpando akundiyang'ana.

"Kodi chinthu chija cha pathumba," anafunsa mwadzidzidzi, "ku sukulu yaikuluko unakachipeza kuti chimakwana?"

Ndinayang'ana mawondo awo, oonda tsopano, otulukira m'thalauza ngati mfundo za nsungwi. Ine yemwe ndinatchula aphunzitsi abodza pamaso pa kalasi ndinasowa mtengo wogwira. Ndinaganiza kuti munthu amene anataya malo ake ayenera kutsala ndi chikhulupiriro chakuti kugwada kwake kunali ndi chifukwa.

"Chimakwana, ababa. Aphunzitsi ankanena zoona."

Anasisita chipewa chawo pa bondo.

"Chotsa chala kuseri kwa khutuko," anatero. "Tsiku lijanso unkakanda pomwepo. Ndinaona ndili pa khomo paja kuti ukunama, ndipo wokunamitsa ndinali ine. Thumba tinalipeza, malo anatilandabe, sukulu yako n'kuima. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti tsiku lina udzandiuze nambala yake yeniyeni."

Ndinatsitsa dzanja.

"Sikisi, ababa."

Anati ndiwayalire aone. Ndinagwada pa simenti patsogolo pawo n'kujambula mizere ndi khala, zitsekerero zofiira zitatu za boroni, zobiriwira za makilorini atatu, chilichonse pamalo pake monga ndinayalira m'chigafa muja. Bambo anawerama n'kuyamba kuwerenga za pakati ndi chala, chimodzichimodzi, monga ankawerengera matumba. Atafika pa sikisi anaima. Anasuzumira pansi pa mpando ngati pali china chagubudukirako, kenaka ananyambita chala n'kuyambanso kuwerenga.